Atsikana Atatu, Sitovu Imodzi

Ine ndine mayi wa usipa. Ndimagula kwa asodzi m'mawa, ndimayanika pa thandala, ndimakagulitsa ku Chipoka, ndipo usipa umenewo, tinsomba tosafika ndi chala chomwe, ndi umene unanyamula mdzukulu wanga mpaka kukamutula ku koleji. Ee, ku koleji! Mwana amene mayi ake anandisiyira akukwawa, mwana amene ndinkamubereka kumsana uku ndikutembenuza nsomba padzuwa. Tsiku limene tinamva kuti amutenga ndinaimba nthungululu mpaka mawu anandithera, ndipo Lamlungu lake ku kwaya ndinkangoyendetsa milomo, amayi anzanga akugwa nako kuseka.

Koleji yakeyo si ya kutali, ili m'boma lathu lomwe lino la Salima, nayonso kufupi ndi madzi. Amagona ku hositelo, chinyumba chachitali cha zipinda zambirimbiri, atsikana atatu m'chipinda chimodzi. Chipinda chilichonse chili ndi mita yake ya magetsi, kabokosi ka pakhoma koonetsa manambala, ndipo mwezi ukayamba akuluakulu a sukulu amathiramo mayunitsi. Akatha, atha. Mudikire mwezi wina.

Ndiye mwezi wa Okutobala uja, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuwotcha mapazi, foni yanga inalira ndili pa thandala.

"Agogo, atilanda sitovu."

"Akulandani ndani? Munaiba?"

"Ayi agogo, sanalande, koma ametironi atichenjeza. Mayunitsi athu akumatha mwezi uli pakati, ndiye timakawadandaulira. Akuti zikachitikanso mwezi uno sitovu ichoka m'chipinda. Tizingoyatsa babu ndi kutchaja mafoni basi."

"Nanga uzidya chiyani?"

"Funso lake ndi limenelo, agogo."

Kantini ilipo, inde ilipo, koma chakudya cha ku kantini ndi cha ana a anthu olandira pamwezi. Usipa wanga ungathe kumudyetsa mwana akamadziphikira yekha. Kumugulira mbale ya masana ndi ya madzulo, tsiku ndi tsiku, sungathe. Sitovu ikachoka, mwana wanga achoka nayo limodzi, abwerera kuno kudzatembenuza nsomba ndi ine. Ndipo manja amenewo, manja ogwira buku, ine sindinkafuna kuti adzanunkhe monga anunkhira angawa.

Ndinamufunsa kuti akudya magetsiwo ndani.

"Ndi uja wa ku Lilongwe, agogo. Poto wake sachoka pamoto. Koma iye akuti ndi nyemba za uja wa ku Chitala. Wa ku Chitala akuti ndi fani yanga. Pano sitikuyankhulana bwino."

Ndinati chabwino, Loweruka ndikubwera. Osati kudzaweruza mlandu, ine za magetsi ndidziwa chiyani? Kwathu kuno tili ndi kasola kamodzi kotchajira foni. Ndinangofuna kukamuona mwana ndi maso anga, ndi kukaiona sitovu imeneyo isanachoke.

Loweruka m'mawa ndinasamba, ndinadzola, ndinavala chitenje cha kwaya, ndinasenza dengu. M'dengumo munali mpunga wa ku Chinguluwe wopetapeta kale, usipa wa dzulo lake wonyezimira ngati malata atsopano, matimati, anyezi, ndi timango toyambirira. Minibasi inanditula pa siteji, wa kabaza ananditula pa geti, alonda anandifunsa kuti ndine ndani, ndipo ine ndinawayankha mokweza kuti ndine agogo ake a mwana wa pa koleji pano. Anaseka, anatsegula.

Mdzukulu wanga anabwera akuthamanga. Ndinamugwira masaya, ndinamutembenuza uku ndi uku ngati nsomba yoti ndigule.

"Mkazi mnzanga, wawonda."

"Ndi mabuku, agogo."

"Mabuku amadya mnofu?"

Chipinda chawocho, abale, kachipinda koti ukatambasula manja watsala pang'ono kukhudza makoma onse. Mabedi atatu. Makabati atatu, iliyonse ndi loko wake. Ndiye pansi pa bedi lililonse poto wake, mbale yake, supuni yake, kabotolo kake ka mafuta, kachitini kake ka mchere. Mchere patatu! M'nyumba imodzi mchere patatu! Ndinafunsa kuti kodi munayambana liti, ndipo mdzukulu wanga anati ayi agogo, ku hositelo ndi mmene timakhalira, aliyense zake. Sitovu ndiyo inali imodzi, ya mbale imodzi, itakhala pakona pamwamba pa njerwa. Amasinthana. Wina akamaphika, enawo amatuluka kapena amayang'ana kukhoma ndi buku, kuti asaone ndiwo za mnzawo.

Koma motowo, ha! Moto wopanda utsi, wopanda phulusa, wopanda kuuzira mpaka misozi. Ine amene ndatha zaka ndikutola nkhuni zobwera ndi mafunde, ndinaima ndi kuuyang'ana ngati ndikuona mkwatibwi. Pakhoma kabokosi kaja kanali kuphethira kadiso kofiira, phethi, phethi, phethi, ndipo anandiuza kuti kakamaphethira mofulumira ndiye kuti magetsi akumwedwa.

Atsikana awiri aja ndinawapeza momwemo. Wa ku Chitala anali wamfupi, wofatsa, anagwada pondipatsa moni mpaka bondo linagunda simenti. Wa ku Lilongwe anali wamtali, zikhadabo zofiira, tsitsi lofika kumsana, ndipo anandipatsa moni ali chilili, foni ili kumanja. Inali nthawi yake yophika. Poto wake, wamkulu kuposa enawo, anali pa sitovu, wovundikira bwinobwino, akuwira.

Kenaka anthu anabalalika. Mdzukulu wanga anapita kukauza ametironi kuti kwabwera mlendo. Wa ku Chitala anatenga ndowa kukatunga madzi. Wa ku Lilongwe anati akukaanula zovala pachingwe, ndipo anatuluka. Ndinatsala ine ndi poto.

Chivundikiro chikuvina, ngwe ngwe ngwe. Nthunzi ikutuluka m'mbali. Ndinadikira, mwini wake osabwera. Ndinanunkhiza, osamva fungo la kanthu. Tsono kwathu kuno kunyanja, kumene amayi timaphikira panja pamodzi uku tikuyang'anira nsomba, poto akamawira mwini wake palibe, amene ali pafupi ndiye mwini. Umavundukula, umatakasa, umathira madzi ngati akuphwa. Ukamusiya apserere, mnzako adzakufunsa kuti unalibe manja? Ndiye ine ndinakulunga dzanja m'chitenje ndi kuvundukula.

Madzi. Madzi okhaokha, oyera mbee, akubwadamuka.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe! Ndinati onani mwana wa m'tauni, zikhadabo zofiira koma mwambo ali nawo! Waona gogo walowa ndi dengu la mpunga, sanayankhule, sanadzionetsere, wangoteleka madzi a mlendo ndi kutuluka mwaulemu. Amene anamulera anamulera. Ndinamasula thumba, ndinatapa mpunga wa anthu anayi, ndinautsuka ndi madzi a m'chigubu, ndi kuukhuthulira m'potomo, waa! Mchere ndinatapa m'kachitini kamene kanali pafupi, sindinafunse kuti nka ndani. Ndipo nyimbo inabwera yokha, monga imachitira ndikakondwa:

Wateleka, wateleka,
mwana wa eni wateleka,
mlendo asanapemphe, madzi awira.

Anandipeza ndikuimba choncho, ndikutakasa ndi supuni yake. Anaima pakhomo, zovala zili m'manja, maso ali pa chivundikiro chimene ndinachiika pansi. Sanaphethire.

"Agogo, mwavundukula?"

"Ndavundukula, mwana wanga, ndipo ndaona. Ambuye akudalitse. Madzi ako anali okwana ndendende, ngati unachita kuuyeza mpunga wanga."

Anakhala pa bedi lake, zovala zili pamiyendo.

Mdzukulu wanga polowa anagwira kumutu. "Agogo! Poto wa eni ake! Kuno sitimatero!"

"Eni ake ndi amene anditelekera madzi. Iwe unanditelekera chiyani? Unangothamangira kwa ametironi ngati ndabwera ndi mlandu."

Wa ku Chitala anatula ndowa, anabisa kuseka m'dzanja. Mdzukulu wanga anayang'ana wa ku Lilongwe, wa ku Lilongwe anayang'ana pansi.

Madzi atayamba kuphwa ndinasowa chochita. Kwathu ukafika pamenepa umasolola nkhuni, umasiya makala. Nanga moto uwu usolola chiyani? Ndinazungulira sitovu ija kufuna pogwira. Apo ndi pamene wa ku Lilongwe ananyamuka, anapotokola kabatani, thapu.

"Mwazimitsa? Mpunga sunapse!"

"Upsa, agogo. Mbaleyi imakhalabe yotentha nthawi yaitali. Musavundukulenso, ungodzimalizira wokha."

Ndinayang'ana kabokosi ka pakhoma, kadiso kaja kaleka kuthamanga. Ndinayang'ana poto, akupumabe nthunzi pang'onopang'ono. Moto wozima koma ukuphika! Ndinawomba m'manja. Ndipo mpunga unapsadi, unayoyoka umodziumodzi, fungo lake linatuluka pazenera mpaka atsikana a chipinda china anasuzumira. Usipa tinakazinga pambuyo pake m'poto wa mdzukulu wanga, ndi mafuta a wa ku Chitala, ndipo usipa suchedwa, ukangoona matimati wapsa.

Ndinayala chitenje pansi. Ndinati mbale zanu zitatuzo zisiyeni, bweretsani beseni limodzi. Tinakhala mozungulira, maondo akugundana.

"Ine usipa sindidya," anatero wa ku Lilongwe. "Fungo."

"Fungo limenelo ndi limene likumuphunzitsa mnzakoyu. Tadya, ukasanza ndikolopa ndine."

"Amati tikakazinga usipa zovala zake zimanunkha doko," anatero mdzukulu wanga.

"Inunso asisi mumati nyemba zanga ndi miyala," anatero wa ku Chitala, ndipo aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu.

"Si miyala nanga? Kuyambira m'mawa mpaka masana zili gwa!" anayankha mdzukulu wanga.

"Nanga fani yanu ija imazungulira ngakhale muli m'kalasi, imakupiza ndani? Nsikidzi?"

Tinaseka tonse, ngakhale wamtali uja anamwetulira. Anatapa pang'ono ndi nsonga za zala, kuopa zikhadabo. Anatapanso. Kenaka zikhadabo anaziiwala. Ine ndaona anthu ambiri akudya, asodzi ochokera pamadzi, ana ochokera kusukulu, amayi oyamwitsa. Mwana uyu ankadya mwakachetechete, mofulumira, kenaka nkudzigwira, kuika dzanja pabondo, kudikira anzake atape, nkuyambanso. Pamene anawerama ndinaona mafupa a m'khosi mwake. Koma nzeru zanga zinali zisanafike. Ndinangoti mpunga wa ku Chinguluwe ndi wotero, sumusiya munthu.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Wa ku Lilongwe ndi amene analanda dengu, anati ndikuperekezani ndine. Tinatsogola awiri, enawo akubwera m'mbuyo, ataima pa kagolosale kugula mafirizi. Titadutsa geti, pansi pa mtengo wa mango, anayankhula osandiyang'ana.

"Agogo, madzi aja sanali anu."

"Anali a ndani?"

"Sanali a munthu. Ndimateleka choncho masiku onse."

Ndinaima. Iye anapitiriza, mawu ali pansipansi. Bambo ake ntchito inawathera. Chitsegulire sukulu kuchokera kunyumba sikunabwere kanthu, kupatula mawu akuti pirira. M'kabati yake ya loko ija munalibe ufa, munalibe mpunga, munali shuga pang'ono ndi zodzola. M'mawa amagula banzi, masiku ena amadya kwa mnzake wa chipinda china ponamizira kucheza. Koma nthawi yake ya sitovu ikakwana, masana ndi madzulo, akapanda kuteleka poto anzake adziwa. Ndiye amateleka madzi, amavundikira, amawasiya awire nthawi yonse imene ndiwo zimatenga kuti zipse. Anzake akatuluka amathira shuga m'kapu ndi kumwa, otsalawo amakataya kubafa ndi kutsuka poto ngati wadyeramo.

"Magetsi ndikumaliza ndine, agogo. Ndikudziwa. Koma musawauze. Chonde musawauze. Ine ndinkawaseka usipa wawo."

Mayo ine. Ndinakumbuka nyimbo yanga ija, mmene ndinaimbira mokweza pamaso pake, ndipo nkhope yanga inatentha. Ndinafuna kumukumbatira pomwepo, koma enawo anali atayandikira, akuyamwa mafirizi awo. Ndinangomufinya dzanja.

Kuchokera pa mango paja kufika pa siteji si patali, koma mutu wanga unayenda ulendo. Ndikanena, mwana uyu afa ndi manyazi, mwina athawa sukulu. Ndikapanda kunena, madzi aziwirabe, mayunitsi atha, sitovu ichoka, wanga abwerera ku thandala. Ndikati muzimugawira, sangalandire, munthu wa zikhadabo zotere salandira zachifundo.

Pa siteji ndinatembenukira mdzukulu wanga.

"Mkazi mnzanga, ndikuuze zoona. Iwe mpunga suudziwa. Umauphika ngati phala la wodwala."

"Agogo!"

"Ndakhala chete zaka zonsezi, lero ndalawa mpunga weniweni. Ine sindingamavutike kupeta, kusenza, kukwera minibasi, kuti iwe uzikauononga. Kuyambira lero mpunga wanga ndi usipa wanga wophika wake ndi uyu. Poto mmodzi, beseni limodzi, monga tadyera lero."

"Koma mpunga wa lero mwaphika ndinu!"

"Wazimitsa moto ndani? Kuphika mpunga ndi kudziwa pozimitsa."

Wa ku Chitala anati, mwamanyazi, kuti iye ali ndi ufa wambiri ndi nyemba, ndipo kudya yekha atayang'ana kukhoma kunamutopetsa kale. Mdzukulu wanga anali atatupa masaya.

"Ine mpunga ndi usipa, uyu ufa ndi nyemba. Nanga iwowa abweretsa chiyani?"

"Manja," ndinatero. "Manja ndi maso. Wophika salipira, unamva kuti? Ndipo kabokosi ka pakhoma kaja mlonda wake ndi yemweyu. Sitovu ikachoka ndidzafunsa iyeyu, osati iwe."

Wamtali uja anandipatsa dengu ndi manja awiri, ndipo bondo lake linapindika pang'ono. Mdzukulu wanga sananditsanzike bwino. Minibasi ikunyamuka anangokweza dzanja theka, nkhope ili kumbali. Zinandiwawa njira yonse, chifukwa mwana ameneyu mpunga amautha, ndinamuphunzitsa ndekha.

Masiku angapo foni inali zii. Kenaka inayamba kulira, ndipo kulira kwake kunali madandaulo okhaokha, koma madandaulo okoma.

"Agogo, munatisiyira wapolisi. Babu masana sayatsa, akuti tsegulani makatani, dzuwa ndi laulere. Fani akuti tiziyatsa tikakhalamo tonse, tikamatuluka azimitsa yekha. Kusita akuti kamodzi pa sabata, zovala za tonse pamodzi, simbi ikatentha itenthe kamodzi. Foni ikadzaza amazula chaja ngakhale uli m'bafa."

"Nanga mukudya?"

"Tikudya. Nsima yake inali ya mibulu poyamba, wa ku Chitala wamuphunzitsa. Koma mpunga, agogo, ine sindikuona kusiyana ndi wanga."

"Lilime lako ndi lachibwana."

Sabata ina anaimba wophika mwini wake. Anati agogo, mungatipezere dengu lakale ndi mankhusu a mpunga? Ndinati mwayamba kuweta nkhuku ku hositelo? Anaseka. Anati waona pa foni kuti nyemba ukaziviika m'madzi kuyambira dzulo lake, m'mawa nkuziwiritsa pang'ono, umaphula poto ali chiwirire, umamukulunga m'nsalu, umamukwirira m'dengu la mankhusu, pamwamba pilo. Ukamachokera m'kalasi masana, nyemba zapsa.

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pamchenga. Dengu kuphika nyemba! Ine ndakalamba ndi nyemba, ndatha mitolo ya nkhuni pa nyemba, lero mwana wa zikhadabo andiuze kuti dengu liphika? Komabe dengu ndinalipeza, mankhusu ndinapempha kuchigayo, ndinapatsira kondakitala wodziwana naye. Mankhusu otsala ndinati ndiyesere, pasakhale wondiona. Ndinawiritsa, ndinakwirira, ndinapita ku thandala. Pobwera masana ndinavundukula, nthunzi fuu kumaso, ndinatapa nyemba imodzi ndi kuifinya pakati pa zala. Inaphwanyika ngati mbatata. Ndinaitana amayi a nyumba yoyandikana nayo kuti bwerani mudzaone zimene akuphunzira ana ku koleji! Mpaka lero amayi anayi a kwaya yathu amaphika nyemba m'dengu, ndipo amati nzeru za agogo a usipa, ine nkumati ayi, ndi za mwana wa ku Lilongwe.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinaika foni m'thumba la chitenje kuyambira m'mawa. Ndinagula nsomba, ndinayanika, ndinatembenuza, khutu lili pa foni. Inalira dzuwa lili pamutu. Kumbuyo kwake kunali phokoso, atsikana akukuwa, wina akumenya poto ndi supuni.

"Agogo, ametironi abwera. Ayang'ana mita, ayang'ananso, afunsa ngati tinasamuka m'chipinda muno. Mayunitsi atsala, agogo! Sitovu sichoka!"

Ndinavina pomwepo pakati pa mathandala, gogo wamkulu ine, ntchentche zikubalalika, asodzi osoka maukonde akufunsana kuti amayi aja alandira chiyani. Atsikana aja analandirana foni, wa ku Chitala anati zikomo agogo, wophika anangoti agogo, agogo.

Kenaka phokoso linachepa, ndinamva chitseko, ndinadziwa kuti mdzukulu wanga watuluka panja yekha.

"Agogo."

"Ee, mkazi mnzanga."

"Dengu likubwerali muonjezere mpunga. Ndi nsinjiro ngati zilipo. Pali wina akufunika kubweza thupi."

Sindinamufunse kuti wadziwa bwanji, kaya anauzidwa, kaya anaona yekha kabati ija itatsegulidwa. Iyenso sanandifunse kanthu.

"Ndionjezera," ndinatero. "Uzimusiyira nkhoko, amazikonda koma sanganene."

"Ndimamusiyira kale, agogo."